Kusaka nyumba ku Chilobwe: yotchipa ili kuphiri

Abale anzanga a pamsika, amene simunasakepo nyumba ya lendi mu Blantyre muno thokozani Chauta. Ine a landilodi anandiuza mwezi watha kuti lendi yakwera, ndipo ngati sindikwanitsa ndione msana wa njira, pali ena atatu akudikira khomo lomwelo. Chifukwa chake? Akuti simenti ndi malata zakwera chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Koma nyumbayo sanaipakepo ngakhale laimu chilowereni ine.

Ndiye Loweruka ndinasiyira mlamu wanga benchi la tomato n'kukwera minibasi ya ku Chilobwe.

Pasiteji ndinakumana ndi dobadoba, mnyamata wa jekete yonyezimira. Anati, "Amayi, nyumba zilipo, koma kaye ya phazi." Kungoona nyumba kokha ulipire! Ndinapereka, nanga n'kutani.

Yoyamba inali pa mdadada wa zitseko 8, chimbudzi chimodzi, bafa ya chiguduli. Madzi okagula pa kiyosiki. Mwini wake, bambo wonenepa bwino, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. "Muli ndi ana angati, mayi?" Nditati anayi anapukusa mutu, ati amadzaza chimbudzi. Anafunanso miyezi itatu ya pambuyo pake ndilipiriretu. Munthu wa geni, mpamba wonse ndikwirire m'nyumba ya eni, mawa ndikaoda ndi chiyani?

Tinayamba kukwera. Ku Chilobwe mtengo wa nyumba umatsika pamene iwe ukukwera phiri la Soche. M'munsi, pafupi ndi msewu ndi magetsi, n'kwa a malipiro a pamwezi. Kumtunda, kumene ngakhale kabaza safika, ndiko kwa ife. Tinjira take n'toterera, ndipo nyumba zina n'za zidina zosaotcha, zomata ndi dothi.

Dobadoba uja anandilozera kanyumba ka zipinda ziwiri, theka la mtengo wa kumunsi. Mtima unagunda ndi chimwemwe. Kenaka ndinayang'ana kumbali. Chigwembe chachikulu, miyala ina yoposa minibasi ili mbwee. Apa ndi pamene madzi, matope ndi miyala zinatsikira mu Malichi 2023 nthawi ya namondwe Freddy, n'kukokolola nyumba ndi anthu ali m'kati. Gogo wina amene amachapa pafupi anandiuza kuti ukagwa mvula usiku iwo sagona, amangokhala tsonga kumvetsera phiri. Ndinawafunsa, "Nanga agogo, bwanji osasamuka?" Anandiyankha ndi funso: "Tipite kuti, mwanawe?"

Akuluakulu amanena kuti kuphiri n'koletsedwa kumanga, ndipo n'zoona. Koma kuletsa n'kosavuta. Bungwe la Malawi Housing Corporation linakhazikitsidwa mu 1964, nyumba zake mukuziona ku Nkolokosa ndi ku Chitawira, komatu n'zochepa poyerekeza ndi khwimbi la anthu amene alowa m'tauni chiyambire nthawi imeneyo. Wogulitsa kaunjika kapena usipa saziwerengera n'komwe. Ife timathera kwa a landilodi a m'makwalala, kopanda pepala, kopanda lisiti, lendi kukwera pakamwa pokha.

Ndinatsika dzuwa litapendeka, miyendo ili zii. Kanyumba kaja ndinakakana, poganiza ana anga ndi mvula ya Januwale. Dobadoba anangoseka, ati pofika Lolemba kakhala katalowa munthu.

Mwezi ukutha Lachinayi, ndipo katundu ndamanga kale m'matumba.