Ulendo wa Fulumira Kuchokera ku Lifuwu

Pa nyama zonse zimene munthu angawete palibe yofatsa ngati kamba. Sauwa, saba usipa pa thandala, ndiponso salowa m'munda wa eni. Chifukwa cha kufatsa kwacheko anthu ambiri amayesa kuti kumtumiza kutali nchinthu chapafupi, monga kutumiza dzungu. Ine ndifuna kuuza anzanga owerenga kuti si tero ai, makamaka m'miyezi ya June ndi July, ndipo ndinena zimene ndinaona ndi maso anga.

Kwathu ndi ku Lifuwu, m'boma la Salima, kufupi ndi Senga Bay. Ndi dziko la mpunga ndi nsomba, ndipo boma liri ndi malo ofufuzirapo za mpunga komweko. Nyanja yathu iri pa mamita ngati 474 kuchokera pa nyanja ya mchere, motero dzikolo nlotsika ndi lotentha. Mwera ukaomba anthu amati kwazizira, koma kuzizira kwache nkwa masewera. Kumeneko ndiko tinatola kamba wathu, moto wolusa utapsereza tchire. Ena amati fulu, ndipo mlongo wanga wamng'ono anamutcha Fulumira, pakuti sanafulumirepo chibadwire. Chigoba chache chimapindika chakumbuyo ngati chitseko, natsekera miyendo ndi mchira m'kati akaopsedwa. Aphunzitsi athu a Biology anandiuza kuti mtundu wina wa akamba otere unapatsidwa dzina lakuti zombensis m'chaka cha 1931, kutengera dzina la Zomba.

Tinakhala naye zaka 5. Tsono chaka chatha Bambo anasamutsidwa pa nchito yao ya ulimi kupita ku Dedza, ndipo tsiku losamuka linagwa kumapeto kwa July, ine ndiri pa holide. Kumsiya sikunatheke. Agogo anali kusamuka nafe, tchire limene tinamtolamo linali litasanduka minda, ndipo pali anthu ena amene akaona kamba amaona ndiwo. Koma Dedza ali pa mamita ngati 1,600. Ife amene taphunzira Geography tidziwa kuti munthu akakwera mamita 1,000 kutentha kumatsika ndi madigiri ngati 6, ndipo ku Dedza usiku wina chisanu chimagwa ndi kuwaula mbewu.

Agogo anaona kuti nkhaniyo njosavuta. "Iwe mwana," anatero, "tenga bulangeti lakale lija umfunditse bwino. Kuzizira kulowera pati?"

"Agogo," ndinayankha, "inu mukafunda bulangeti, amene amalitenthetsa ndani?"

"Ndine ndemwe."

"Nanga mukafunditsa mwala, utentha kodi?"

Agogo anaseka nati sukulu yandiphunzitsa kutsutsana ndi akulu. Koma nkhani yonse yagona pamenepa. Bulangeti liribe moto. Nchito yache nkusunga kutentha kumene thupi lapanga kale. Munthu, mbuzi ndi nkhuku ali ndi moto wao m'thupi, wochokera ku chakudya. Kamba, buluzi ndi ng'ona amabwereka moto ku dzuwa, nchifukwa chache m'mawa timawapeza akuothera. Kamba akazizidwa, zonse za m'thupi mwache zimayenda pang'ono: sadya, chakudya chimene chiri m'mimba sichigayika, ndipo pambuyo pache amadwala chifuwa, natuluka thovu m'mphuno. Salira ngati mwana wa mbuzi kuti mudziwe kuti zavuta. Amangobweza mutu m'chigoba, inu nkumati ali m'tulo. Choncho wofuna kuyenda naye m'nyengo yozizira ayenera kumnyamulira moto, osati chofunda chokha.

Chinthu china tinachiphunzira kwa makolo, amene anati kamba amanyerera amene wamtola. Ife timaunena mwambiwu podandaula za munthu wosayamika, koma kwa kamba mwini wache si mwano ai. Iye amasunga madzi m'thupi kuti amthandize m'chilimwe, ndipo akachita mantha amawataya onse. Mu July mvula iri kutali, ndipo kamba wotaya madzi ache wataya nkhokwe. Pa chifukwa ichi, kutatsala tsiku limodzi ndinamuika m'beseni la madzi ofunda, ochepa kuti mutu uoneke pamwamba, ndipo anamwa ndithu. Chakudya ndinaleka kumpatsa masiku awiri ulendo usanafike.

Ndinapempha katoni ku golosale, yaing'ono yongomkwana, kuti galimoto ikagunda dzenje asagubuduke. Ichi nchofunika, popeza mapapo a kamba ali kumwamba, pansi penipeni pa chigoba, ndipo akagona chagada zam'mimba zimawapsinja. Ndinaboola timabowo m'mbali, ndi kuyalamo mapesi ouma a mpunga. Ku mbali imodzi ndinaikako botolo la madzi ofunda, lokulunga m'chitenje kawirikawiri ndi lotchinga ndi kachidutswa ka katoni kuti lisamkhudze. Ndinayesa ndi tsaya langa: lofunda, koma losaotcha. Kutentha kopitirira kumapha kamba msanga koposa kuzizira, pakuti m'katoni alibe mthunzi wothawirako.

Tisaganize kuti nkhani iyi njachibwana. M'zaka za m'ma 1950 kufikira m'ma 1970 akamba zikwizikwi anali kutengedwa ku Morocco ndi maiko ena a m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean kupita ku Britain chaka ndi chaka, atasanjikizana m'madengu ngati mbatata. Ambiri anafera m'njira, ndipo ambiri mwa otsalawo sanapyole dzinja lao loyamba la ku Ulaya. Malonda amenewo analetsedwa mu 1984. Pangano la maiko lotchedwa CITES, la mu 1973, limafuna chilolezo kuti kamba aliyense wa pamtunda aoloke malire. Ndipo mu 2000 America analetsa kulowetsa mitundu itatu ya akamba a ku Africa chifukwa cha nkhupakupa zao, zimene zingapatse ng'ombe matenda. Nditamva zimenezi ndinayang'ana Fulumira m'khwapa ndi m'khosi, ndipo ndinamchotsa nkhupakupa ziwiri. Kunonso kwathu nyama za m'thengo ziri ndi lamulo lache la mu 1992, ndipo wofuna kusunga imodzi ayambe wafunsa kwa oyang'anira nyamazo.

Mlandu waukulu unali wa nthawi yonyamukira. Adalaivala a lole anafuna kuchoka tambala woyamba, monga achitira anthu onse a pa ulendo. Ine ndinapempha Bambo kuti tidikire dzuwa, ndi kuti katoni isakwere kumbuyo pamodzi ndi mipando, kumene mphepo imaomba. Adalaivala anandiyang'ana nati, "Achimwene, tichedwe chifukwa cha ndiwo?" Komabe katundu anali wambiri, ndipo pamene tinamaliza kupakira inali itakwana 9 koloko. Ndinakhala kutsogolo, katoni iri pa miyendo, kupewa pansi pamene injini imatenthetsa ndi pa galasi pamene dzuwa limaotcha.

Kuchokera ku Salima tinatsata mseu wa m'mbali mwa nyanja, ndipo kunali kofunda bwino. Pa Golomoti tinaima, ndipo mai wina wogulitsa tiyi anandithirira madzi ena m'botolo, nakana ndalama atasuzumira m'katoni. Pamenepo tinayamba kukwera Khwekhwelere. Amene anadzerako adziwa m'mene mseu umenewu umakhotera ngati njoka, nyanja ikucheperachepera kumbuyo. Makutu anga anatseka, ndipo tisanafike pamwamba Agogo anali atafunda kale bulangeti lija anafuna kupatsa kamba. Ine ndinali kupisa dzanja m'mapesi kawirikawiri. M'menemo munali mukali Lifuwu.

Tinafika ku Dedza cha m'ma 2 koloko, nkhungu isanatsike m'phiri. Sindinamtulutse tsiku limenelo. Ndinaika katoni m'khitchini, pa thabwa osati pa simenti, kutali pang'ono ndi mbaula, ndipo usiku ndinadzuka kawiri kusintha madzi a m'botolo. M'mawa dzuwa litakwera ndinamuika pa khonde losaomba mphepo. Anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anatulutsa mutu, mphuno ziri zouma, nayamba kuyendera khoma kufuna pobisala.

Masiku 9 sanadye kanthu. Akamba a mtundu wache amabisala m'chilimwe ndi kudya pang'ono ngakhale kwao ku nyanja, motero sindinade nkhawa kwambiri. Pobwerera kuno ku sukulu ndinasiyira mlongo wanga lamulo lakuti dzuwa likapendeka Fulumira alowe m'nyumba. Mu December anandilembera kalata kuti mvula yoyamba itagwa anampeza kuseri kwa bafa, bongololo ali kukamwa, ndi kuti tsopano akulimbirana bowa ndi Agogo.