Kafukufuku wa kwathu tisamangomumvera patali

Mbozi za ntchemberezandonda zidayamba kusakaza chimanga m'dziko muno m'nyengo ya ulimi ya 2016/17, ndipo mu Disembala 2017 boma lidalengeza kuti maboma 20 ali pangozi. Mbozizo zikadalipo mpaka lero, koma mabuku amene ndimaphunzitsira zaulimi pasukulu yathu yoyendera ya kumudzi sanena zambiri za izo. Ophunzira anga amalima ndi makolo awo. Akafunsa chochita pamene ndalama ya mankhwala palibe, safuna yankho longokhozera mayeso a MSCE. Amafuna chimanga chipulumuke.

Mayankho ena alipo, ndipo adawapeza ndi Amalawi anzathu. Vuto n'lakuti amalembedwa m'magazini a akatswiri amene safika m'manja mwa mphunzitsi wa dipuloma ngati ine. Njira yowafikira ndidaipeza kwa achimwene anga ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe, kumene ndimakakhala patchuthi chifukwa netiweki siyivuta ngati kwathu. Mwana wawo wa kukoleji ndiye adandionetsa Google Scholar.

Chida chimenechi chidayamba mu 2004 ndipo n'chaulere, bola mukhale ndi bandulo. Chimasiyana ndi Google wamba chifukwa chimasaka zolemba za ofufuza, osati mphekesera kapena malonda. Mukalemba dzina la Chichewa simupeza zambiri, choncho lembani dzina la sayansi, Spodoptera frugiperda, n'kuwonjezera mawu akuti Malawi. Mutha kusankha zaka kuti mupeze zatsopano zokha. Pansi pa nkhani iliyonse pamakhala mawu akuti "Cited by" ndi nambala yosonyeza ofufuza ena amene adaitchula. Mukadina pamenepo, nkhani imodzi imakulozerani ku zinzake.

Mwa njira imeneyi ndidapeza kafukufuku wa mu 2020 amene akatswiri a ku LUANAR adachita pamodzi ndi anzawo a ku Britain. Iwo adayesa zomera khumi, kuphatikizapo nimu, ombwe ndi fodya, kuti aone mphamvu zake pa mbozizi. Tangoganizani, Bunda ili m'boma lomweli la Lilongwe, koma ntchito yawo ndidaipeza kudzera pa makina a ku America! Nditawerengera ophunzira a Fomu 3 mwachidule, adadabwa kumva kuti ombwe amene amamera kuseri kwa khola la mbuzi amalowa m'labotale. Tidakambirananso kuti zoyesa m'labotale si zofanana ndi za kumunda, ndipo fodya ndi poizoni kwa munthu, choncho mlangizi wa zaulimi asamalambalalidwe.

Zokhoma zilipo. Nkhani zina zimafuna madola, ndipo pa malipiro a mphunzitsi zimenezo n'zosatheka. Zikatero yang'anani kumanja ngati pali chizindikiro cha PDF, kapena dinani "All versions", chifukwa nthawi zina nkhani yomweyo imapezeka yaulere kwina. Palinso African Journals Online, imene idayamba mu 1998 ndipo imasunga magazini a mu Africa, kuphatikizapo Malawi Medical Journal. Chingerezi chake n'cholimba, koma ndime yoyamba yofotokoza mwachidule ndi yomaliza zimakwanira kukudziwitsani ngati nkhaniyo ili ya phindu.

Aphunzitsi anzanga, ambiri a ife tili ndi abale ku Kawale, Biwi, Chinsapo kapena Area 23. Tikapitako, tisathere bandulo yonse pa WhatsApp. Tikopere nkhani ziwiri kapena zitatu m'foni, tikagawane ndi anzathu pobwerera. Kwa inu ofufuza, pempho langa n'lakuti mukamaliza ntchito yanu muzilembako tsamba limodzi m'Chichewa. Minda imene mudayesamo ndi ya makolo a ana amene timaphunzitsa, ndipo zotsatira zake akuzidikira.