Pikapu ya gitala: yezani nsambo musanatulutse ndalama

Abale anga a m'midzi ya m'malire muno, mukamva mawu akuti pikapu ndikudziwa kuti maganizo anu athamangira ku galimoto yonyamula mbatatesi kupita nayo kumsika. Lero sindikunena imeneyo ayi. Ndikunena kachipangizo kakang'ono, kotha kubisika m'dzanja, kamene timaika pa gitala yopanda magetsi kuti mawu ake alowe m'sipika ndi kumveka patali. Ogulitsa a ku Malawi amati pikapu, a ku Tete amati captador. Sungani maina onse awiri, chifukwa ife a ku Angónia, Tsangano ndi Macanga timagula mbali zonse ziwiri za malire.

Kale gitala inkadzimvekera yokha. Anthu ankakhala pansi pabwalo, woimba ali pakati, ndipo palibe chimene chinkapikisana naye kupatula m'manja mwa amayi. Malemu Allan Namoko ndi banjo yawo, ndiponso abale aja a Kachamba, Daniel ndi Donald, amene tinkawamva pa wailesi ya MBC, anatchuka ndi zoimbira zopanda magetsi. Koma lero paukwati, pachinkhoswe ngakhale m'tchalitchi mwalowa kiyibodi ndi masipika a batire otchajidwa ndi sola. Woimba gitala amangooneka manja akugwedezeka, mawu osamveka. Anyamata athu ataona zimenezi ayamba kupachika magitala kudenga kuti azidyedwa ndi fumbi. Ine zimenezi zimandiwawa, pakuti chimene chikusowa ndi kanthu kakang'ono ndithu.

Gitala yanga inabwera ndi amalume kuchokera ku Joni. Ndinaphunzira kuiimba tili othawa nkhondo ku Dedza, ndipo mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, chaka chotsatiracho ndinabwerera nayo kwathu itakulungidwa m'bulangete. Ikawonongeka palibe sitolo imene ingandigulitse ina yonga iyo. Choncho anzanga a kwaya atandipempha kuti ndiipezere pikapu, sindinathamange. Ndinafunsa okonza mawailesi, ndinafunsa oimba a m'tauni, ndinagwira ndi kumvetsera za anzanga. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Zimene ndinatola ndi zimene ndikukugawirani, ndipo mutu wake ndi umodzi: pikapu yabwino ndi imene ikugwirizana ndi nsambo zanu ndi malo amene mumaimbira. Mtengo ndi kukongola kwa katoni zibwere pambuyo.

Mtundu woyamba ndi wa maginito. Umenewu umapanidwa pa chibowo cha pamimba pa gitala, pansi pa nsambo. M'kati mwake muli maginito okulungidwa ndi waya wa kopa wopyapyala ngati tsitsi, wozungulira maulendo zikwi zingapo. Nsambo yachitsulo ikamanjenjemera pamwamba pa maginitowo, m'wayamo mumabadwa magetsi ochepa amene sipika imawasandutsa mawu. Nzeru imeneyi si yatsopano. George Beauchamp wa ku America ndiye anaikonza, ndipo magitala oyamba okhala nayo anayamba kugulitsidwa mu 1932. Ubwino wake ndi woti simuboola gitala, yambiri siifuna batire, ndipo siilira msanga mukayandikira sipika. Koma imvetsani apa: maginito samva nayiloni. Ngati nsambo zanu ndi za nayiloni, ngakhale mutagula yodula chotani, sipika idzangokhala duu.

Kuyeza kwake n'kosavuta ndipo n'kwaulere. Tengani maginito a m'sipika ya wailesi yakufa, muwayandikize ku nsambo zonse 6, imodziimodzi. Zikakoka, ndiye kuti pikapu ya maginito igwira. Zikapanda kukoka, iwalani za mtundu umenewu. Musanyengeke ndi maso, chifukwa pa gitala ya nayiloni nsambo zitatu zazikulu zimawala ngati chitsulo, chonsecho m'kati mwake ndi ulusi wa nayiloni. Ndipo wina asakunamizeni kuti mungosintha n'kumanga zachitsulo pa gitala yopangidwira nayiloni. Zachitsulo zimakoka mwamphamvu kwambiri, kotero kuti khosi la gitala limapindika, mwinanso kathabwa komangirapo nsambo kamamatuka.

Mtundu wachiwiri ndi wa piezo womata. Ndi kachitsulo kobulungira ngati ndalama, pakati pake pali kamwala koyera kophikidwa. Kamwala kameneka kakafinyidwa kapena kugwedezedwa kamatulutsa magetsi. Anatulukira zimenezi ndi abale awiri a ku France, Jacques ndi Pierre Curie, mu 1880. Ndi kachitsulo komweko kamene kamalira m'mawotchi a pamkono a batire. Pikapu imeneyi simva nsambo koma thabwa, choncho imagwira pa gitala ya nayiloni, ya chitsulo, ngakhale pa banjo ya chigubu cha mafuta imene mwana wamanga ndi waya wa mabuleki a njinga. Ndiyo yotsika mtengo kuposa yonse. Mumaimata pafupi ndi kathabwa ka nsambo, ndipo phula la njuchi limagwira bwino osawononga penti. Vuto lake ndi loti imamva zonse: batani la malaya likakhudza gitala, chala chikagogoda, zonse zimatuluka m'sipika. Imaliranso msanga mukakweza mawu, ndipo mukailumikiza pa chingwe chachitali kapena pa bowo la maikolofoni, mawu ake amaonda ngati a chitini. Masipika ena ali ndi bowo lakelake la gitala. Ngati yanu ili nalo, gwiritsani limenelo.

Mtundu wachitatu ndi umene ogulitsa amakonda kuutsatsa. Nawonso ndi wa piezo, koma ndi kalamba kopyapyala kolowa pansi pa kafupa koyera kamene nsambo zimatsamirapo. Umabwera ndi kabokosi ka mabatani okwezera ndi kutsitsira mawu, kena kokhala ndi nyale zothandiza kukunga nsambo. Ukaikidwa ndi mmisiri wodziwa umaimba bwino, sindikana. Koma kuti ulowe pafunika kuboola pansi pa kafupa kaja, kuboola china cha mamilimita 12 kumatako a gitala cholowetsapo chingwe, ndi kudula zenera m'nthiti mwa gitala loikapo kabokosiko. Thabwa la gitala ndi lopyapyala, silifika ngakhale theka la sentimita. Mnzathu wina wa mudzi woyandikana nafe anapereka yake kwa kalipentala wa zitseko, ndipo inabwerako itang'ambika kuyambira pazenerapo mpaka kumsana. Kalipentalayo ndi munthu waluso pa zitseko, koma gitala si chitseko.

Palinso nkhani ya batire. Kabokosi kameneka kamadya batire ya mavoti 9, ija ya makona anayi. M'magolosale a kumudzi mumapezeka mabatire a tochi ndi a wailesi, koma imeneyi muyenera kukaifuna ku Ulónguè kapena ku Dedza. Ikatha pakati pa ukwati, gitala imatseka pakamwa pomwepo. Amene muli nayo kale pikapu yotere, kumbukirani kuzula chingwe mukamaliza kuimba, chifukwa chingwe chikakhala cholowa batire imapitiriza kudyeka usiku wonse. Tsono mukamawerengera mtengo, phatikizani malipiro a mmisiri, ulendo wopita kwa iye, ndi mabatire a chaka chonse. Mudzaona kuti chimene chimaoneka chotchipa pa shelefu chadya thumba la chimanga. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ine ndinayeza nsambo zanga, maginito anakoka, ndipo ndinasankha ya maginito yopanda batire. Ndinalipira ndi ndalama ya ndowa zochepa za mbatatesi, gitala ya amalume siinalawe mpeni, ndipo ndikafuna kuimba pakhonde ndimangoimasula n'kuisunga m'thumba. Sindikunena kuti ilibe chilema. Mawu ake amapendekera ku gitala ya magetsi, kukoma kuja kwa thabwa kumachepako. Nsambo ziwiri zing'onozing'ono zimamveka mokweza kuposa zazikulu, chifukwa zazikuluzo n'zokulungidwa ndi mkuwa umene maginito saumva, amangomva kawaya ka m'kati. Komanso pamene pali jenereta imang'ung'udza pang'ono, ndiye ndimatembenuka pang'onopang'ono mpaka nditapeza mbali imene phokosolo latsika. Zilema zimenezi ndinazidziwa ndisanagule, ndipo ndinaziyesa zopepuka poyerekeza ndi kuboola gitala. Mnzanga wa m'kwaya amene yake ndi ya nayiloni anatenga ya piezo yomata, ndipo Lamulungu timaimba limodzi bwinobwino.

Tsopano za ulendo wokagula. Kwa ife a ku Angónia, Lilongwe ali pafupi kudzera pa Calómuè kusiyana ndi Tete, amene ali pa mtunda wa makilomita opitirira 200. Koma konseko n'kutali, ndipo chinthu chikakana kugwira mutafika kunyumba, ndalama ya ulendo wokabweza imaposa mtengo wa chinthucho. Choncho nyamulani gitala yanu. Ngati simungathe, yezani kukula kwa chibowo cha pamimba ndi kaudzu, mudule, muike m'thumba. Pa magitala aakulu chibowocho chimakhala cha masentimita pafupifupi 10, koma pa ena n'chocheperapo, ndipo pikapu ya maginito yotalika siingalowe. Yang'ananinso bowo la sipika imene mudzaimbira. Chingwe cha gitala chili ndi mutu wa mamilimita 6.35, waukulu kuposa wa zomvera m'makutu za foni.

M'sitolomo musachite manyazi. Pemphani kuti alumikize, ndipo imbani nsambo iliyonse payokha kuti mumve ngati ina ikuzimirira. Gwedezani chingwe pamene chalowera mu pikapu. Mukamva kuthetheka, pemphani ina, pakuti zotchipa zambiri zimafera pamenepo. Siyani kuimba mumvetsere phokoso lotsala. Kenaka kwezani mawu kufika pamene mumakwezera paukwati. Wogulitsa amene akukana kuti muyese, mutsanzikeni mwaulemu mupite kwa wina. Ndalama ndi yanu, munaikolola ndi khasu.

Mukafika nayo kunyumba n'kuona kuti sipika ikulira mokuwa, musafulumire kunena kuti mwaberedwa. Kulirako kumabwera pamene mawu otuluka m'sipika abwerera n'kugwedeza thabwa la gitala, pikapu n'kuwatumizanso m'sipika momwemo. Imani kumbali kapena kumbuyo kwa sipika, osati kutsogolo kwake. Kukapitirira, dulani mphira wa patapata wakale mutseke nawo chibowo cha pamimba. Ndipo inu amene chaka chino zokolola sizinayende bwino, musadandaule. Ngati gulu lanu lili ndi maikolofoni, iimikeni pafupi ndi pamene khosi la gitala lakumana ndi mimba, osailozetsa m'chibowo. Mawu ake ndi okoma kuposa a pikapu zambiri, kungoti woimbayo ayenera kukhazikika malo amodzi.

Makolo anzanga, ngati m'nyumba mwanu muli gitala yopachikidwa, itsitseni. Mwana amene akufuna kuiimba musamuuze kuti nthawi yake inatha. Mupezereni maginito a wailesi yakufa ayeze nsambo, mumuthyolere kaudzu ayeze chibowo, ndipo mukagulitsa mbewu mupatuleko pang'ono. Paukwati wa m'mudzi mwanu wa kiyibodi aimbe, wa gitala naye amveke. Tsalani bwino, abale anga.