Msana timauyeza kuphazi

Kuchokera pa Dyeratu mpaka pa Bangula, tsiku la msika simulephera kumva wa chimkuzamawu akutsatsa mankhwala a msana. Botolo lomwelo ati limachiza msana, shuga, BP, n'kubwezeranso abambo mphamvu za kuchipinda. Ena amatema mphini m'chiuno, ena amabaya jakisoni wa diclofenac kuseri kwa golosale. Palibe mwa iwo amene amauza wodwala kuti avule nsapato. Ndalama zikatha, m'pamene munthu amafika kwa ine atapendekeka, dzanja lili pathako.

Ine ndine wa mafizo. Ntchitoyi ndinaiphunzira ku Kachere mu mzinda wa Blantyre, ndipo ndimaigwira kuno ku Chigwa cha Shire. Ondipeza ambiri ndi odula nzimbe a ku Nchalo, akabaza, alimi a thonje ndi amayi osenza ndowa. Namondwe wa Freddy atagwetsa nyumba mu Malichi 2023, anawonjezerekapo owumba njerwa, anthu owerama tsiku lathunthu ndi chikombole.

M'chiuno muli mafupa a msana asanu, L1 mpaka L5, ndipo pakati pa fupa ndi linzake pali disiki, yolimba kunja koma yofewa mkati. Kwa akabaza ndimangoti disiki ili ngati tayala: likang'ambika m'mbali, chubu chimatuzukira panja, ndipo amamva msanga. Chotuzukacho chikapana mtsempha wopita kumwendo, ululu umatsika kudzera kuthako ndi kuseri kwa ntchafu mpaka kuphazi. Munthu akatsokomola kapena kuyetsemula, umalasa. Nthawi zambiri zimachitikira pansi penipeni, pa L4 ndi L5 kapena pa L5 ndi S1, fupa lotsatira pansi pake.

Luso lonse lagona pa mwendo. Wodwala amagona chagada, ine n'kugwira chidendene ndi kukweza mwendo pang'onopang'ono, bondo losapinda. Maso anga sakhala pa mwendowo, amakhala pankhope, chifukwa abambo a kuno salira msanga. Amangoluma mano n'kumati zili bwino. Mwendo ukafika pakati pa madigiri 30 ndi 70, ululu n'kuthamanga kupitirira bondo, ndimadziwa kuti mtsempha wakokeka. Komabe munthu wouma minofu ya ntchafu nayenso amadandaula pamenepo. Ndiye ndimatsitsa mwendo pang'ono mpaka ululu uleke, kenako ndimapindira phazi kumutu. Ululu ukabwerera, ndi mtsempha. Nthawi zina ndimakweza mwendo wabwinowo, wodwala n'kukuwa kuti wina uja ndiye ukupweteka. Zikatero sindikayikanso.

Kenako chala chachikulu cha kuphazi. Ndimati, “Bambo, kankhani chala changa, musandimvere chisoni.” Chala chikagonja, ndiponso dzanzi lili pamwamba pa phazi, ndi mtsempha wa L5. Akalephera kuyenda chonyang'ama, dzanzi lili cha ku kachala kakang'ono, kanyundo kakamenya kuseri kwa kakolo phazi osadumpha, ndi S1.

Zimenezi anandikhomerera m'mutu ndi mayi wina wamfupi amene ankatiphunzitsa. Ukabwera ndi chithunzi cha X-ray m'manja, ankachilanda n'kuchikhalira. Ankati chithunzi chimaonetsa mafupa, disiki siioneka, ndiye pita ukaone munthuyo kaye. Ankafika m'mawa tonse tisanafike, atavala nsapato zosamveka mgugu, ndipo umangozindikira ali kumbuyo kwako. Ukamaliza kufotokoza zonse mwaluso, iye ankayang'ana kumbali n'kufunsa motsitsa mawu, “Nanga za mkodzo mwawafunsa, achimwene?” Tinkachita manyazi kufunsa gogo wamkazi ngati akudzimva akamadzipukuta. Iye ankakokera mpando pafupi, n'kuyamba ndi za mvula ndi zidzukulu, ndipo pakutha pa mphindi zochepa gogoyo ankanena zonse yekha. Pa nkhomaliro ankadya chinangwa chophika ndi tiyi wopanda mkaka, akuwerenga makadi athu ndi cholembera chofiira. Sanayamikirepo munthu pamaso. Unkangomva kwa ena kuti wakutchula.

Funso lake lija ndi limene limandiuza msana woti ndisaukhudze. Munthu amene mkodzo wamutsekeka kapena ukungotuluka wokha, dzanzi lili pakati pa miyendo, miyendo yonse iwiri ikufooka, ameneyo si wa mafizo. Akwere mapiri a Thabwa tsiku lomwelo, akafike ku chipatala cha Queens kumene kuli makina a MRI ndi madokotala a opaleshoni. Wina amabwera ataonda, akutuluka thukuta usiku, fupa limodzi litatumphuka pamsana: ndimaganiza za TB ya msana. Ndipo poti kuno timasamba ndi kuwedza mu Shire ndi m'madambo, sindiiwala kuti likodzo limatha kufika mu mtsempha wa msana n'kupuwalitsa mnyamata wamphamvu. Wotema mphini akamupeza wotereyu, amamusunga mwezi wathunthu.

Otsalawo, amene ndi ochuluka, amachira popanda mpeni pa masabata 6 mpaka 12. Kugona pamphasa sabata yonse kumangoumitsa thupi. Ayende pang'onopang'ono, agone chafufumimba n'kumadzuka ndi zigongono, asiye kaye kunyamula ali chiweramire. Ululu ukamachoka kuphazi kubwerera m'chiuno, ngakhale m'chiunomo muwawe kwambiri, ndiye kuti tikupita kwabwino. Mapiritsi a ibuprofen ndi ongothandizira, omwa munthu atadya, ndipo wa zilonda za m'mimba kapena wa impso asawayandikire. Ndi kutentha kwa kuno, munthu wotaya thukuta tsiku lonse n'kumameza mapiritsi otere mwezi ndi mwezi akuzunza impso zake.

Pa malipiro m'pamene timakangana. Munthu amene anapereka mbuzi kwa wotema mphini amandiyang'ana n'kuti, “Adokotala, mwangondigwira chala basi, jakisoni osandibaya, ndilipire chiyani?” Wina amafuna lamba wa m'chiuno chifukwa mnzake anabwera naye kuchokera ku Joni. Ndimawauza kuti abwerenso Lachisanu tidzaone ngati chala chalimba. Ambiri sabwera. Ndimadzakumana nawo pamsewu wa ku Ngabu atamanga matumba atatu a makala panjinga, akundikwezera dzanja kuti achira.