Cilala m'Cigwa ca Gwembe

Cigwa ca Gwembe ciri kumwera kwa Zambia, m'mbali mwa mtsinje wa Zambezi. Ndi dziko lotentha, la mvula yocepa ndi yosakhulupirika. Atonga a kumeneko anadziwa cilala kuyambira kale, koma makolo ao anali ndi pothawira. Zambezi akasefukira ndi kuphwera, ankasiya dothi la conde ndi la cinyontho m'magombe, ndipo anthu ankalimamo madimba. Motero munthu ankakolola kawiri pa caka. Mvula ikakana kumtunda, dimba linkamuombola.

M'caka ca 1958 khoma la Kariba linatsekedwa, madzi nayamba kumiza madimba aja. Anthu pafupifupi 57,000 a tsidya lino ndi tsidya lija anasamutsidwa, ndipo ambiri anapatsidwa minda yodalira mvula yokha. Kuyambira pamenepo cilala cipeza mlimi ali pambalambanda.

Cimanga cifuna madzi koposa pa nthawi yomasula ngaiyaye. Dzuwa likaomba masabata atatu pa nthawi imeneyo, munda wonse upserera, ngakhale unalimidwa bwino cotani. Nkhokwe ikatha, banja liyamba kugulitsa nkhuku, kenaka mbuzi, potsiriza ng'ombe. Koma popeza onse agulitsa nthawi imodzi, ndipo ng'ombezo nzoonda, mtengo wace utsika pamene wa cimanga ukwera. Amuna apita kukaocha makala kapena kukapha nsomba kunyanja. Akazi alawira mbandakuca kukafuna madzi. Ana aleka sukulu cifukwa ca njala.

Coopsa cenicheni cidza pambuyo pace. Banja lanjala lidya ndi mbeu yomwe, ndipo mvula ikabwera caka cinaco, mwini munda alibe cobzala, alibenso ng'ombe zokoka pulawo. Alima kamunda kakang'ono ndi khasu, m'mimba muli pululu. Cotero cilala ca caka cimodzi cibala njala ya zaka ziwiri kapena zitatu. Izi zinaoneka m'caka ca 1992, ndiponso m'caka ca 2024, pamene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 February kuti cilala ndi tsoka la dziko lonse, cimanga ca mahekitala pafupifupi 1 miliyoni citaonongeka.

Komabe pali mbeu zina zopirira dzuwa. Mapira ndi mcewere, zimene makolo a m'cigwamo ankadalira, zimaima ciriri pamene cimanga cafota. Anthu ambiri anazisiya cifukwa zifuna kuingitsa mbalame tsiku ndi tsiku, nzovuta kusinja, ndipo ogula ngocepa. Zifukwa zimenezi nzoona ndithu, koma zicepa pozilinganiza ndi kutaya ng'ombe.

Mnyamata kapena mtsikana wotsiriza sukulu, pobwerera kumudzi, acita bwino akagawa munda wa kwao: cimanga mbali ina, mapira mbali ina, ndi kusunga mbeu padera posafika dzanja la wophika. Akulu anati papsa tonola, sudziwa mtima wa moto.