Za minda yathu: mawu akuti "anandiuza ine" atisokoneza

Abale anga a kwa Kanduku, ndikulemba ndili kuno ku Norfolk, m'dziko la England. Nkhani yanga ndi ya minda.

Pafupi ndi tawuni ya Great Yarmouth pali bwinja la linga lotchedwa Caister Castle. Kwatsala nsanja yaitali ya njerwa ndi zipupa zogumuka. Analimanga ndi Sir John Fastolf, msilikali amene analemera pa nkhondo za ku France, nagula minda yambirimbiri ku Norfolk ndi Suffolk. Anamwalira mu 1459 osasiya mwana. Loya wake, John Paston, anatulukira n'kunena kuti mkuluyo ali kayakaya anamuuza pakamwa kuti malo onsewo ndi ake. Anzake oyang'anira chuma cha masiye anakana. Milandu inayamba, Paston analowa m'ndende ya Fleet ku London, ndipo atatulukamo anamwalira mu 1466 nkhani isanathe. Mu 1469 Duke wa ku Norfolk anabwera ndi asilikali ndi mizinga, nalanda lingalo kwa ana a Paston. Linabwerera m'manja mwawo mu 1476, Duke uja atamwalira. Zaka 17 kulimbirana mawu a munthu wodwala.

Kodi si zomwezi timamva kwathu maliro akangotha? Sadaka isanachitike, malume auka kale: "Mayi anandiuza ine kuti dimba la kumtsinje ndi langa." Mboni palibe. Malire ake ndi mtengo wa mango ndi chulu, ndipo mtengowo anaudula kale n'kuwotchera njerwa.

Kuno masiku ano munthu sagula nyumba popanda kufufuza ku Land Registry, kumene kumalembedwa dzina la mwini ndi mapu a malowo. Ndimaziyamikira. Koma musaganize kuti ndikunyoza zakwathu. Kuno malo ndi ndalama basi, ndipo achinyamata ambiri amene ndimagwira nawo ntchito sayembekeza kudzakhala ndi pawopawo. Kwathu mwana wamkazi amabadwa ali ndi polima, mkamwini amapeza munda kuchikamwini, mwinimbumba ndi nyakwawa amadziwa kuti apa ndi pa yani. Zimenezi n'zosafunika kutaya.

Chondiopsa n'chakuti malo a m'mbali mwa msewu wopita ku Zobue asanduka ndalama, ndipo amene amathamangira kulembetsa ndi uja wodziwa Chingerezi ndi maofesi, pamene azilongo ake amene anabzala manachesi pamalopo sakudziwa kanthu. Lamulo la malo a mafumu la 2016 limalola banja kulembetsa malo limodzi, ndipo m'komiti ya malo ya m'mudzi, mwa anthu 6 osankhidwa, atatu kapena kuposa ayenera kukhala amayi. Tiyeni tiligwiritse ntchito mokomera mbumba.

Inu amene agogo anu akadali moyo, atengeni m'mawa muzungulire nawo munda, a nyakwawa ndi oyandikana nawo malire alipo, wina azilemba m'kope. Polembetsa, mayina a amayi ndi ana awo aakazi alowe onse. Ife tili kunjafe, pa ndalama zimene timatumiza tizipatulako ya ntchito imeneyi chaka chino.