Pa Doko la Kazungula, Pamene Malole Ankadikira Chombo

Munthu amene afuna kudziwa mtengo weniweni wa katundu amene timagula m'masitolo mwathu asafunse wamalonda, pakuti iyeyo adzangomuwerengera ndalama. Koma apite akakhale pansi ndi oyendetsa malole a maulendo ataliatali, amene anagona m'mbali mwa misewu, nadya nsima ya fumbi, naoloka mitsinje ikuluikulu mitima ili m'mwamba, kuti katunduyo afike. N'chifukwa chake, pamene ndinapeza mwayi wokwera lole imene inali kuchoka ku Lusaka kulowera ku Botswana, sindinazengereze konse, makamaka nditamva kuti woyendetsa wake anali mmodzi wa iwo amene anakalambira pa doko la Kazungula m'masiku aja pamene panalibe mlatho.

Mkuluyo anali wa imvi, wosachulutsa mawu, kwawo ku Katete, Mchewa mnzathu wa pansi pa Kalonga Gawa Undi. Ndipo ngakhale malire a atsamunda anatiika m'maiko awiri, titangopatsana moni ndi kufunsana za mvula ya kumudzi, ulendo unasanduka wa pachibale. Tinatuluka mumzinda kusanache, tinaoloka Kafue, tinadutsa minda ya nzimbe ya ku Mazabuka, kenaka Monze, Choma ndi Kalomo, m'dziko la Atonga oweta ng'ombe. Ndipo pa mtunda wonsewo, umene uyandikira makilomita 470 kufika ku Livingstone, iye sananene zambiri, koma ankangomvetsera kulira kwa injini yake ndi kukweza dzanja kwa anzake amene tinkaphonyana nawo. Titasiya Livingstone m'mbuyo ndi kukhotera kumadzulo, pa msewu wa makilomita ngati 70 wopita kumtsinje, mpamene lilime lake linamasuka.

"Mukuona m'mbali mwa msewumu, achimwene?" anatero, akuloza ndi chibwano. "Muno monse munkakhala malole, imodzi kumbuyo kwa inzake, kutalika kwake kosati n'kuyenda pansi. Munthu ukafika pano unkadziwa kuti ndevu zimera usanaone madzi."

Tinafika dzuwa litapendeka, ndipo popeza mapepala a katundu anali asanakonzeke, tinagona kutsidya la Zambia. Usiku umenewo ndi umene ndinaulakalaka, pakuti mkulu uja atayatsa mbaula pambali pa matayala, anzake anayamba kubwera mmodzimmodzi, wina ndi ufa, wina ndi kapenta, wina ndi tomato ndi mchere. Panali wa ku Chipata, wina wa ku Ndola, Mzimbabwe wina amene anakulira m'komboni ya mgodi pakati pa ana a Amalawi, motero Chichewa chake chinali chosalala, ndiponso mnyamata wina wa ku Dedza amene anayamba ntchito mlatho utamangidwa kale, ndipo iyeyo, monga ine, anangokhala chete kutchera khutu, podziwa kuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto.

Kuti owerenga amvetse chimene chinali kusonkhanitsa malole onsewo pa kamalo kamodzi, ayenera kudziwa mmene dziko linakhalira pamenepo. Pa Kazungula, pamene mtsinje wa Chobe umathira mu Zambezi, maiko anayi amayandikana: Zambia, Botswana, Zimbabwe ndi Namibia, ndipo malire a Zambia ndi Botswana, amene ali pakati pa madzi, ndi aafupi kwambiri, mamita ngati 150 okha. Pa kampata kameneko mpamene pankadutsa mkuwa wa ku Copperbelt ndi wa ku Katanga popita ku madoko a ku South Africa, ndiponso makina, mafuta ndi zakudya pobwerera kumpoto. Mtsinjewo pamenepo ndi wotambalala mamita ngati 400, ndipo chooloka nacho chinali chombo chafulati chachitsulo, chimene madalaivala amachitcha pontuni, chokhoza kusenza matani 70. Ndiye kuti lole yaikulu imodzi, kapena ziwiri zikakhala zopepuka, pamodzi ndi timagalimoto ndi anthu oyenda pansi. Kuolokako sikunkatha ndi theka la ola lomwe, koma kudikira kwake kunkatha masiku, nthawi zina kupitirira sabata.

Wa ku Chipata uja ndiye anayamba kulongosola za kukwera kwake, ndipo polankhula manja ake anali kugwira chiwongolero chosaoneka. Anati mphindi yoopsa koposa inali pamene matayala akutsogolo aponda chitsulo chokwerera, pakuti pamenepo chombo chinkagwada pansi pa kulemera kwa lole, madzi n'kukwera m'mbali, ndipo dalaivala ankayenera kulowa pang'onopang'ono ndi giya yoyamba, maso ali pa dzanja la womulondolera, osathamanga ndiponso osaima. Pakuti ukathamanga ukankha chombo kuchichotsa pagombe, ndipo ukaima pakati ngolo yako imatsala pamtunda mutu uli pamadzi. Anati iye mwini sankatseka chitseko ali pamtsinje, ndipo nsapato ankazivula, kuti tsoka likagwa asamire ali m'kati mwa chitsulo. Anzake onse anavomera ndi mitu, ndipo ndinazindikira kuti limeneli linali lamulo losalembedwa, limene wamkulu aliyense ankaphunzitsa womuthandiza wake asanamupatse chiwongolero.

Mtsinje nawo unali ndi nyengo zake. Cha mu April, madzi a mvula yogwa kutali kumpoto akafika, Zambezi ankasefukira n'kumiza pokwerera, motero lole inkayamba yalowa m'madzi isanakwere m'chombo. Ndipo cha mu October, madzi akaphwa, mchenga unkatulukira ndipo chombo cholemedwa chinkakhula pansi. Injini ya chimodzi mwa zombo za padokopo ikafa, mzere unkatalika kawiri. Dzuwa likalowa, zonse zinkaima kufikira m'mawa. Pambali pa chombo pankayandama mabwato a anyamata olimba mtima, amene ankaolotsa timakatundu tawo mozemba pakati pa ng'ona ndi mvuu. Ndipo kutsidya la Botswana, kumene nkhalango ya Chobe ili pafupi, anyani ankaba buledi m'malole osatseka mazenera, ndipo usiku njovu zinkadutsa pakati pa mzere, madalaivala ali zii m'kati.

Apa onse anaseka, pokumbukira mnzawo wina amene anathawa njovu n'kusiya mphika pamoto. Koma kusekako sikunakhalitse, pakuti wa ku Ndola uja anatchula chaka cha 2003, ndipo panagwa bata. M'chaka chimenecho lole ina yolemedwa mopitirira muyeso inakwera m'chombo, chombocho chinapendeka n'kugubuduzika, ndipo anthu 18 anamira m'madzi amenewo. Ndipo pofufuza pambuyo pake anthu anadandaula kuti padokopo panalibe sikelo yoyezera kulemera kwa malole asanakwere. Mkulu wa ku Katete anati iye anafika patapita masiku owerengeka ngoziyo itachitika, ndipo pamene nthawi yake yooloka inakwana, miyendo yake inakana kuponda. Anatsika, nagwada pamchenga, napempha Mulungu amene anaolotsa ana a Israyeli pa Yordano kuti amuolotse iyenso, pakuti kunyumba anasiya ana aang'ono. "Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe," anatero motsitsa mawu, "aja anamira aja sanali olakwa kuposa ife. Ambiri a iwo sanali a lole n'komwe. Anali anthu oyenda pansi, amayi opita kukagula ndi kukagulitsa, amene anangoima pambali pa katundu wa eni ake."

Ine ndikhulupirira kuti mlandu wa imfa zoterozo suyenera kugwera dalaivala yekha, monga anthu amafulumira kuweruza. Dalaivala sapakira katundu mwa kufuna kwake. Amene amawonjezera matani pamwamba pa muyeso ndi mwini katundu amene afuna kuti ulendo umodzi ubale phindu la maulendo awiri, ndipo iyeyo pa tsiku la ngozi amakhala ali kutali, m'nyumba yake youma. Wantchito amene akana kunyamuka amauzidwa kuti kunja kuli anzake ambiri ofuna ntchito. Zimenezi anazinena iwo eni usiku uja, mopanda mkwiyo, monga anthu amene anazolowera kusenza zolakwa za ena pamodzi ndi katundu wawo.

Mzimbabwe uja, amene anali wamkulu pa onse, anatibweza m'mbuyo koposa, kufikira masiku a nkhondo. Anakumbutsa kuti mu 1973 boma la Ian Smith la ku Rhodesia, imene lero ndi Zimbabwe, litatseka malire ake ndi Zambia, doko la Kazungula linasanduka khomo lofunika kwambiri, pakuti linali njira yolumikiza Zambia ndi Botswana popanda kuponda Rhodesia. Ndipo msewu wochoka ku Nata m'Botswana kufika padokopo, wa makilomita ngati 300, unamangidwa m'zaka zomwezo ndi thandizo la America. Koma chimene chinali chipulumutso kwa ena chinali munga kwa ena, ndipo mu April 1979 asilikali a Rhodesia anamiza chombocho ndi mabomba, poganiza kuti chinali kuolotsa zida za omenyera ufulu. Iye anali mwana pa nthawiyo, koma anazimva kwa madalaivala amene anamuphunzitsa ntchito, amene ambiri a iwo anagona kale.

Chimene chinandikhudza koposa sichinali madzi kapena mabomba, koma kudikira kuja. Ambiri a iwo ankalipidwa pa ulendo, kotero kuti masiku onse othera pamzere anali masiku opanda malipiro, ndalama ya kamba ikutha, katundu akufuna mlonda usana ndi usiku. Wina anamva za imfa ya amayi ake ali pamzere, ndipo pofika kumudzi anapeza manda atauma kale. Wina mwana wake anabadwa, nayamba kukwawa, asanamuone kawiri. Ndipo sanabise kuti kusungulumwa kwa padoko kunagwetsa ambiri m'mayesero, ndi kuti matenda a Edzi anatenga anzawo ochuluka m'zaka zimene mankhwala anali asanafike, nasiya akazi amasiye m'midzi ya kutali imene sinaonepo Zambezi. Komabe pa mzere womwewo panabadwa ubale umene sindinauone kwina: Mkongo, Mtswana, Mzulu ndi Mchewa ankadyera mbale imodzi, kubwerekana jeke ndi sipanala, kusonkherana ndalama mnzawo akadwala malungo, ndi kulonderana malole wina akapita kukasamba, pakuti mutu umodzi susenza denga, ndipo padoko munthu wodzikonda sankakhalitsa.

Kutacha, mapepala atatuluka, tinakwera pamlatho. Unayamba kumangidwa mu 2014 ndi kampani ya Daewoo ya ku South Korea, ndi ndalama zoposa madola 259 miliyoni zimene maboma a Zambia ndi Botswana anasonkha mothandizidwa ndi Japan ndi African Development Bank, ndipo unatsegulidwa pa 10 May 2021 ndi Pulezidenti Edgar Lungu wa Zambia ndi mnzake Mokgweetsi Masisi wa Botswana. Kutalika kwake ndi mamita 923, ndipo sunawongoke, koma unapindika ngati uta, kuti mizati yake isaponde m'madzi a Zimbabwe kapena a Namibia. Pakati pake anayalapo njanji, kudikira tsiku limene sitima idzafike, ndipo m'mbali muli njira ya oyenda pansi. Za kasitomu ndi za mapasipoti tsopano zimachitikira pa malo amodzi, m'malo moima kawiri, tsidya lino ndi tsidya ilo. Mkulu uja anayendetsa pang'onopang'ono, koma ngakhale anatero, tinali titafika ku Botswana ndisanathe kuyang'ana bwino kumene Chobe akumana ndi Zambezi.

Ndinamufunsa ngati amachisowa chombo chija. Anandiyang'ana modabwa, nati, "Iai, achimwene, munthu sasowa chimene chinkafuna kumupha. Ndimasowa anthu ake." Ndipo anawonjeza kuti amamvera chisoni amayi aja amene ankaphika nsima ndi kuchapa zovala za madalaivala pamzere, ndi anyamata amabwato, amene mlathowo unawachotsera chakudya pakamwa, pakuti walira mvula walira matope, ndipo chitukuko chimene chapulumutsa ambiri chasiya ena manja ali m'khosi.

Zombo zoolotsa malole zikutha pa Zambezi. Cha pa Katima Mulilo chinalowedwa m'malo ndi mlatho mu 2004, cha pa Caia ku Mozambique mu 2009, ndipo cha pa Kazungula mu 2021. Monganso kwathu kuno ku Malawi, kumene okalamba okha ndi amene akumbukira kuti pa Liwonde magalimoto ankaoloka Shire pa chombo baraji isanamangidwe mu 1965. Ndikondwera nayo milathoyi ndi mtima wonse, ndipo sindifuna kuti mwana wa munthu aliyense adzavulenso nsapato pakati pa mtsinje poopa kumira. Koma mayina amene amalembedwa pa miyala ya milatho ndi a atsogoleri ndi a makampani, pamene anthu amene anasunga malonda a maiko athu ali moyo m'zaka zonse za kudikira akukalamba mwakachetechete ku Katete, ku Ndirande, ku Kanengo ndi ku Mchinji, ndipo nkhani zawo zikupita nawo kumanda.

Tinasiyana kutsidya la Botswana, iye akulowera njira ya ku Nata ndi Francistown. Inu owerenga amene muli ndi bambo, malume kapena agogo amene anayendetsapo lole m'masiku a zombo, musadikire tsiku la maliro kuti mudzamve mbiri yake kwa alendo. Pitani sabata ino, mukhale naye pakhonde, mumufunse za madoko amene anaoloka, ndipo zimene adzanene muzilembe.